Bwanji The Pirate Bay siifa pomwe anzake anatseka kalekale?

Kadzidzi:
Akuluakulu, ndithandizeni. The Pirate Bay, tsamba la pa intaneti lomwe anthu amapezerapo mafilimu ndi mapulogalamu ogulitsa mwaulere mosatsata lamulo, inayamba mu 2003 ku Sweden, apolisi aigwira kangapo, anthu anayi okhudzidwa nayo anaweruzidwa mu 2009, koma mpaka lero ikupumabe. Chinsinsi chake n'chiyani? Nanga kukhalitsa kwakeku ndi umboni woti mapulogalamu ake ngodalirika?

Namondwe:
Achimwene, pamalopo palibe katundu. Photoshop kapena Office sizikhala pa seva yawo, zili m'makompyuta a anthu amene akugawana kudzera pa BitTorrent, njira yopatsirana mafayilo mwachindunji pakati pa makompyuta. Iwo amangosunga ndandanda. Apolisi atalanda makina ku Stockholm pa 31 May 2006, inadzukanso patangotha masiku atatu. Mu 2012 anapeputsanso zinthu: m'malo mwa mafayilo a .torrent anayamba magnet link, kamzere kokhala ndi zilembo ndi manambala 40 kolozera fayiloyo. Ndandanda yotere imakwana pa flash, kuisamutsa n'kosavuta. Mu December 2014 inazima pafupifupi miyezi iwiri, n'kubweranso.

Masamba ena onga iyo anagwa mosiyana. KickassTorrents inatha mu July 2016 munthu woganiziridwa kuti ndi mwini wake atamangidwa ku Poland. RARBG inadzitsekera yokha mu May 2023, ponena za Covid, nkhondo ya ku Ukraine ndi kukwera mtengo kwa magetsi.

Nthiwatiwa:
Funso lachiwirilo ndiye loopsa. Chakhalitsa ndi dzina, koma woika fayilo ndi aliyense, ndipo masamba ambiri otchedwa RARBG kapena Kickass lero ngachinyengo. Msampha wake umabwera m'fayilo ya zip yokhala ndi password ngati 1234, kuti antivirus alephere kusuzumira mkati. Kapepala ka "readme" kamakuuzani kuti muzimitse Windows Defender (antivirus ya Windows), kenako mutsegule crack (kapulogalamu kothyola loko wa pulogalamu yogulitsa) ngati administrator. Mukatero mwapereka nokha makiyi a nyumba kwa mbava.

Pulogalamuyo imagwiradi ntchito, n'chifukwa chake munthu sakayikira kanthu. Koma kuseri mavairasi ngati RedLine kapena Lumma akutola mapassword osungidwa mu Chrome pamodzi ndi ma cookie (timafayilo tosonyeza kuti munalowa kale mu akaunti), zomwe zimalowetsa wakuba mu Facebook yanu popanda kufunsidwa kodi ya pafoni. Vairasi wina, STOP/Djvu, amakhoma mafayilo onse n'kufuna dipo. Crackonosh, amene kampani ya antivirus ya Avast inaulula mu 2021, ankachotsa antivirus n'kumagwiritsa ntchito kompyuta yanu kukumba ndalama ya pa intaneti ya Monero. Chizindikiro chake: fani kulira ngati chigayo, laputopu kutentha pamiyendo musakuchita kalikonse.

Namondwe:
Amene mwaika kale crack, chotsani intaneti msanga. Sinthani mapassword pa foni kapena kompyuta ina, poyamba a imelo, ndipo mutulutse akaunti pazipangizo zonse kuti ma cookie obedwa afe. Koperani zikalata ndi zithunzi zokha, osati .exe, kenako ikaninso Windows mutafufuta disiki yonse. Kungochotsa pulogalamuyo sikuchiza.

Nthiwatiwa:
Ndipo a Kadzidzi, ngati vuto ndi ndalama, LibreOffice imatsegula mafayilo a Word ndi Excel, GIMP ndi ya zithunzi, Kdenlive ya mavidiyo. Zonsezi n'zaulere mwalamulo, bola muzitenga pa masamba a eni ake.