Machubu agalasi atha, magazi a wolumidwa ndi njoka sakuundana

CO_wausiku: Akuluakulu thandizeni msanga. Ndalandira bambo wolumidwa ndi njoka padzanja dzulo masana akuthyola mango. Dzanja silinatupe kwenikweni koma nkhama zikuchucha magazi. Machubu agalasi anatha kalekale, ku stores akungoti dikirani. Pofuna kuona ngati akuundana, ndasiya 2 ml ya magazi ake mu syringe yapulasitiki, mphindi 20 zakwana, magazi akadali madzimadzi. Ndi ululu wa njoka kapena ndi pulasitikiyi? Antivenom watsala mabotolo ochepa, sindifuna kumuwononga.

NaPhiri_Lab: Achimwene, za mu syringe zitayeni, sizikuuzani kanthu. 20WBCT, kuyeza ngati magazi aundana pa mphindi 20, imafuna galasi latsopano, louma, losakhudzidwa ndi sopo. Red top yapulasitiki, chubu cha chivindikiro chofiira chija, nayonso ayi, muli clot activator, mankhwala ofulumizitsa kuundana, ikhoza kuumitsa magazi a munthu amene ali pangozi inu n'kumutulutsa.

Bwana_INR: Pangani PT/INR basi, kuyeza ku labu nthawi imene magazi amatenga kuti aundane. Zopendeketsa machubuzi n'zachikale.

CO_wausiku: Bwana, reagent, mankhwala oyezera PT, kuno tinaiona liti? Ndikanakhala nayo sindikanalemba.

Mdala_wa_Haema: Ana anga, za galasizi si mwambo chabe. Mu 1955 Oscar Ratnoff wa ku Cleveland analemba za John Hageman, wogwira ntchito kunjanji, amene magazi ake ankachedwa kwambiri kuundana mu chubu chagalasi pomwe mwiniwake sankataya magazi ngakhale pang'ono. Ratnoff anafufuza mpaka anapeza chimene chinkasowa m'magazimo, ndicho factor XII, imodzi mwa mapuloteni oundanitsa magazi. Imadzuka ikakhudza galasi, n'kudzutsa XI, XI n'kudzutsa IX, mpaka thrombin idule fibrinogen, magazi n'kuundana. Mndandanda umenewu anaulongosola iye ndi Earl Davie mu 1964, chaka chomwecho Macfarlane wa ku Oxford anatulutsanso wake. Pulasitiki sidzutsa XII bwino, ndiye ngakhale magazi anu a CO akhoza kukhala madzi mu syringe imeneyo. Chimene chimandikhudza n'chakuti Hageman anadzamwalira mu 1968 ndi pulmonary embolism. Munthu wa magazi osaundana m'chubu anaphedwa ndi magazi oundana m'mapapo. Ndimauza ophunzira anga kuti asamawerenge chubu osayang'ana wodwala, ndipo wanuyu nkhama zikuchucha kale.

Bwana_INR: Mwanena nokha madala, chubu chimanama. N'chifukwa chake ndikuti INR. Tumizani magazi mu chubu cha citrate, mankhwala oletsa kuundana, ku chipatala cha central.

NaPhiri_Lab: Ifike mawa masana pa ambulansi yotentha? Ndiye mwina yosadzaza mpaka pamzere, muyezo wa 9 kwa 1 wa magazi ndi citrate wasokonekera, INR n'kukwera yokha. Ine ndinakanapo sample yotero, adokotala anandikalipira ward yonse ikumva, koma sindinaiyeze.

Sister_Casualty: Ife tikasowa timatsuka kabotolo ka ceftriaxone ndi madzi okhaokha, kaume bwinobwino. Koma chonde ikani botolo lina pambali la magazi a munthu wabwino, kaya anu omwe. Lanu likaundana lake osaundana, mwapeza yankho. Musamagwedeze, pendeketsani kamodzi mphindi 20 zikakwana. Wina kwathu anatsukapo ndi sopo wa mbale, tinathamanga usiku wonse pachabe.

Mdala_wa_Haema: Ndipo funsani bwino za njokayo. Mumtengo, kutupa kochepa, magazi kuyamba mochedwa, ine ndikuopa njoka yotchedwa boomslang kapena nalikukuti. Polyvalent ya SAIMR, antivenom wa njoka zamitundu ingapo, sigwira boomslang, imeneyo ili ndi antivenom wakewake wochokera ku South Africa. Nalikukuti alibe antivenom n'komwe. Werengani kapepala ka m'bokosi la amene muli naye musanatsegule. Mphiri ikanatupitsa dzanja lonse.

Sister_Casualty: Diclofenac ayi, aspirin ayi, jakisoni wa pamnofu ayi. Heparin musayerekeze. Onaninso ngati kumudzi sanamuteme mphini, mabala amenewo amachucha osaleka. Yang'anani mkodzo, tengani grouping ndi crossmatch pompano, ndipo imbirani akuluakulu ku central usiku womwe uno.

Bwana_INR: Zonsezi bwenzi titazidula ndi INR imodzi. Ma district akuyenera kukakamira reagent, osati kutsuka mabotolo.

NaPhiri_Lab: Reagent yake isungidwe mu firiji iti bwana, magetsi akuchita kuzimazima chonchi? A CO, kontrolo, botolo la magazi a munthu wabwino lija, yatuluka bwanji?

MLT_watsopano: Pepani kulowerera akuluakulu. Alipo amene ali ndi machubu a citrate a 3.2% oti atibwereke? Athu atha ntchito mwezi watha ndipo Lachinayi kuli kiliniki ya odwala a warfarin.