Ndalama ya mbuzi ija ili kuti?

Mlembi: Mwaswera bwanji amayi nonse a banki mkhonde yathu. Mayi tcheya andiuza kuti ndiike pano lipoti la okishoni ija tinachita Loweruka loyamba la November yothandizira nkhokwe ya chakudya cha okalamba ndi ana otsala okha, poti ena simunabwere kumsonkhano. Mubuku ndinalemba K645,000. Yomwe inalowadi ndi K520,000, pamanja K410,000, ya pa Airtel Money ndi Mpamba K110,000. Yosalowa K125,000, ndekuti mbuzi K95,000 ndi keke K30,000. Musaiwalenso K100,000 ija tinatenga mubokosi la banki yolipira mipando, sipika ndi zophika, siinabwerere.

Wa Kaunjika: Siinabwerere bwanji? Tikugawana masabata awiri akubwerawa ndiye muziti siinabwerere

Amake Mapasa: Ine ndimadabwa chete ameneyu mwezi wonse

Msungichuma: Ndifotokoze ndekha musanayambe kundidya. K520,000 yonse ndinagulira chimanga. Matumba 10 a 50kg pa K48,000 ndi K480,000, galimoto ndi anyamata onyamula K20,000, mankhwala a anankafumbwe kuphatikiza zomwe amadula potapa ya pafoni ija K20,000. Malisiti ndili nawo, a galimoto okha ndi omwe palibe poti dalaivala wa pikapu sapereka lisiti mukudziwa nonse. Matumba ali mustolo kwa agogo, amene akufuna kukawerenga apite.

Wa Kaunjika: Palibe wanena kuti mwaba asisi. Funso ndilakuti anakuuzani ndani kuti mugulire yonse musanabweze ya bokosi. Tinagwirizana kuti choyamba 100 ibwerere, yotsala ndiye ya chimanga

Msungichuma: Ndinawaimbira mayi tcheya ndili pamsika, mavenda akundiuza kuti sabata yamawa mtengo ukwera, nde ndinaganiza kuti 125 ija ikalowa tibwezera pamenepo palibe chovuta. Lero pitani ku Limbe mukafunse thumba ndi zingati mubwere mundiuze ngati ndinalakwa. Chaka chino cha 2024 mvula inadula pakati, boma lomwe linalengeza ngozi m'maboma 23 mwa 28 mu March muja, mumafuna ndidikire January kuti tikagule matumba 6 ndi ndalama yomweyo?

Mayi Tcheya: Zoona anandiimbira ndipo ndinavomera. Cholakwa changa ndichakuti sindinauze gulu tsiku lomwelo. Pepani.

Agogo a Makiyi: Fodya wako ndi amene ali pamphuno ana inu, wapachala ngwamphepo. Munawerengera ndalama ili mthumba la munthu wina. Komanso ine kiyi wanga sanandifunse ndinangoona matumba akutsitsidwa pakhomo

Msungichuma: Agogo ya okishoni sinalowe mubokosi nchifukwa makiyi sanafunike

Agogo a Makiyi: Ndiye cholakwikacho chimenecho. Bokosi lili ndi maloko atatu kuti munthu mmodzi asamagone ndi ndalama ya gulu pansi pa pilo

Amake Mapasa: Tisazungulire, mbuzi anatenga ndani? Tonse tinalipo

Mayi a Mandasi: kkkkk inalira njira yonse mpaka kuseri kwa saluni

Asisi a Saluni: Ndawerenga zonse. Ndinali ndi kasitomala kumutu nchifukwa ndachedwa kuyankha, musaone ngati ndikuthawa. Mbuzi anagula ndi bambo akunyumba osati ine. Ine sindinakweze dzanja olo kamodzi, funsani amene ndinakhala nawo benchi limodzi ndimawakoka jekete kuti basi zakwana, koma iwo ndi bambo a hadiweya aja anangolimbana ngati pali chikho, uyu 60 uyu 70 uyu 80, anthu nkumaimba mmanja ndi nthungululu, MC nayenso kumathira petulo kuti kodi Chilobwe ilibe amuna, mpaka 95. Mbuzi yake yoti pamsika siingafike pamenepo olo pang'ono.

Amake Mapasa: Koma chingwe anagwira ndani potuluka

Asisi a Saluni: Ndinagwira ine poti iwo anali pa njinga. Kugwira chingwe ndi kusaina ngongole?

Mayi a Mandasi: Nanga mbuziyo ilipo? Ngati ilipo ingobwera tikagulitse Khirisimasi ino mitengo ili bwino

Asisi a Saluni: Inaphedwa pa chinkhoswe cha mwana wa alamu anga

Mayi a Mandasi: Iiii ndiye tinadya nawo ena ife osadziwa kuti tikudya ndalama yathu yomwe

Wa Kaunjika: Nkhani yaphweka. Tsiku logawana tidule 95 pa masheya awo basi. Banja ndi limodzi

Asisi a Saluni: Ayi zimenezo ndakana. Masheya amenewo ndi thukuta langa, ndimaluka mitu kuyambira 6 mmawa zala kuchita kutupa, ndipo ndinene poyera pano poti tonse ndife azimayi, bambo sadziwa kuti ndili ndi masheya angati. Ndalama imeneyo ndi ya fizi ya mwana wa fomu 3 mu January. Mukadula lero ndekuti mwawaphunzitsa kuti azitchuka pagulu ine nkumalipira kuseri. Chaka chamawa adzagula ng'ombe.

Amake Mapasa: Apa pokha ndawamva

Madamu: Ndalowa mochedwa tinali ndi mayeso. Ndatsegula malamulo athu aja tinasaina mu January. Kudula masheya kukukhudza ngongole yomwe membala watenga yekha mubokosi, kapena ya munthu wakunja yemwe membala wamuimira nkusaina. Za okishoni mulibemo olo mzere umodzi chifukwa nthawi imeneyo sitinkaganizako. Asisi sanasaine paliponse. Ndiye mwalamulo sitingadule iwo asanavomere, olo tivote tonse.

Wa Kaunjika: Ndiye ife tiluze chifukwa cha lamulo? Ine chaka chatha ndinachedwa masiku 4 okha belo itandigwetsa, munandilipiritsa chindapusa palibe anandimvera chisoni. Ndipo ndinenenso, 100 ija inatuluka mubokosi ngati ngongole, ngongole iliyonse pano imabwera ndi 20 peresenti pamwezi. Mwezi watha. Ibwere 120, ikafika tsiku logawana isanalowe tiwerengenso

Mayi Tcheya: Chiwongoladzanja chimenecho alipire ndani amayi? Nkhokwe si munthu. Ndekuti tikatapule ufa wa agogo akufunika thandizo aja kuti ife tionjezere pa masheya?

Wa Kaunjika: Ikanakhala mubokosi ndikanaibwereka ine nkubweza 120. Gulu laluza 20 kaya tikonde kaya tisakonde. Sindikuuma mtima ndikungowerengera

Madamu: Pamasamu sakunama. Koma 20,000 kugawa anthu 18 ndi K1,100 ndi makobili pamunthu, ena yochepera poti timagawana potengera masheya

Agogo a Makiyi: Ndiyankhule pang'ono poti mwana wandigwirira foni akulemba ndi iye. Ena munasamukira kuno madzi atauma. March 2023 Freddy uja matope atatsika mphiri la Soche ife tinagona mkalasi pa simenti, ine ndi nsalu imodzi yomwe ndinathawa nayo, mbale ndinkabwerekana ndi mayi amene sindinkamudziwa dzina. Amene ankatibweretsera ufa ndi zofunda sanatifunse chiwongoladzanja. Magalimoto a thandizo atasiya kubwera ndi pamene tinati aliyense azibwera ndi kambale ka ufa tsiku la banki tizipatsa okalamba ndi ana otsala okha. Nkhokwe inayamba choncho, ndi beseni limodzi pakhonde panga. November chaka chomwecho kwacha itagwa ndi 44 peresenti kambale kaja kanayamba kuvuta aliyense, nchifukwa chake chaka chino munabwera ndi nzeru ya okishoniyi. Makomo 25 amene tinalemba aja akudikira 10kg January, 10kg February. Ine K1,100 yanga ndaisiya. Koma 100 yeniyeniyo ibwere, imeneyo sindikusiya.

Amake Mapasa: Yanganso ndasiya

Wa Kaunjika: Agogo ine sindinakane za Freddy, mchemwali wanga nyumba inapita. Chabwino 20 ikhale ngati gulu lavota. Koma zilembedwe kuti ndi ulendo uno wokha

Mayi a Mandasi: Ndifunseko za keke. Mwalemba kuti bambo a kabaza aja sanalipire 30? Ine ndinawaona akuponya ndalama mu mbale ndi maso angawa

Mlembi: Anakuwa kuti 30,000 ndipo keke anatenga. Kwa ine sanabwere kudzalipira nde ndinalemba ngongole

Mayi a Mandasi: Ayi asisi keke sinagulitsidwe ngati mbuzi. Mbuzi, zitenje, nkhuku zalokolo zija ndi mbaula zinali zoti amene watchula mtengo waukulu ndi amene amalipira yekha, enawo ndalama zawo zili mthumba. Keke MC anasintha, anati yoponya ngati kuukwati. Wina akati 5 waponya 5, wina akufuna ifike 7 waponya 2 yokha pamwamba, choncho choncho, womaliza ndiye mwini keke. Ine ndinaponyamo K3,000 ndipo sindinalaweko. Inali pa 28, bambowo anaponya 2 nkukuwa 30, belu nkulira. 30 yonseyo inali mu mbale

Msungichuma: Mbale yachitsulo yamaluwa ija? Ndinaiwerenga ine ndi amake mapasa, munalidi 30 ndipo ili mkati mwa 410 ya pamanja

Amake Mapasa: Eya ma K500 ndi ma K1,000 okhaokha ena onyowa ndi Sobo

Mlembi: Mayo ine. Dikirani ndione buku

Mlembi: Zoona. Tsamba lina ndinalemba mbale 30,000 tsamba lina keke 30,000. Ndinatuluka kukatenga chenji nthawi yomwe MC amafotokoza. Ndalemba kawiri. Pepani amayi, ndipo bambo aja ndinawatumizira uthenga kawiri wowakumbutsa ngongole, nkhope ndiika pati

Mayi a Mandasi: kkkkkk nchifukwa anasiya kundipatsa moni pa siteji

Madamu: Musaseke kaye, zaipirapo apa. Ndekuti ndalama yeniyeni ya okishoni ndi K615,000 ndipo yomwe ili kunja ndi 95 yokha. Olo mbuzi ilipiridwe lero bokosi likuperewerabe K5,000

Wa Kaunjika: Mwaona zomwe ndimanena

Msungichuma: 5 imeneyo ndiika ine. Ndinagula ndi ine, sindikufuna wina akatsegule thumba la chimanga chifukwa cha 5,000

Mayi Tcheya: Tigawana, 2,500 ine 2,500 inu, poti ndinavomera ndine

Amake Mapasa: Tabwererani ku mbuzi musatiiwalitse

Asisi a Saluni: Sindinathawe. Ndawaimbira pompano, akuti mwezi ukatha. Mwezi watha uja anatinso mwezi ukatha. Ndikupempha chinthu chimodzi, musanditume ine. Ndikanena ine zimathera kukangana ana akumva. Mubwere inuyo mayi tcheya ndi agogo Lamulungu akachoka kutchalitchi, muwauze ngati gulu. Munthu amene anafuna ulemu pagulu manyazi a pagulu amawaopa

Agogo a Makiyi: Ndipita. Anakulira mmanja mwathu ameneyo, mayi ake tinkatunga madzi limodzi

Wa Kaunjika: Nanga akapanda kupereka Lamulungulo? Ndikufunsa chifukwa tsiku logawana ine sindidzalandira nkhani, ndili ndi belo yoti ndikatenge ku Limbe Khirisimasi isanafike

Asisi a Saluni: Akapanda kupereka pofika Lachinayi logawana lisanafike, ndiika 45 ya mthumba mwanga osati ya masheya, ngati ngongole yomwe iwo andibwezere ndipo mulembe choncho agogo akhale mboni. 50 inayo akhale nayo pakhosi okha. Kupitirira pamenepo sindingathe

Wa Kaunjika: Ndiye 50 ikhala ili mmalere

Madamu: Ikhoza kutsekedwa ndi thumba la zadzidzidzi, muli ndalama yokwana ndipo limenelo sitigawana. Ikalowa ibwerere komweko

Amake Mapasa: Ayi ayi thumba limenelo ndi la maliro ndi matenda. Mvula yayamba, wina agonekedwe ku Queens mawa tidzati ndalama inadya mbuzi?

Mayi a Mandasi: Mbuzi inadya ndalama kapena ndalama inadya mbuzi kkkk

Amake Mapasa: Ine sindikuseka asisi

Mayi Tcheya: Imeneyo sitingamalize pafoni, anthu 9 okha ndi amene tayankhula pa 18, ena alibe bandulo. Lachinayi 2 koloko pakhonde pa agogo tivote ziwiri, za 20 peresenti ndi za thumba la zadzidzidzi. Madamu mubwere ndi pepala la malamulo tionjezere mzere, okishoni yotsatira katundu satuluka pageti osalipira ndipo ndalama ikugona mubokosi. Wochedwa K500 monga mwa nthawi zonse, ine ndemwe.

Wa Kaunjika: Muonjezerenso kuti MC akhale wina

Mlembi: Ine ndikupita pa siteji kukapepesa. Amamwa chani bambo aja, Fanta kapena Coke?

Mayi a Mandasi: Muwagulire ndi mandasi anga awiri omwe, kwa inu ndi mtengo wonse

Agogo a Makiyi: Amene akubwera Lachinayi wina abwere ndi msampha kapena mphaka. Thumba lapansi lakukhoma ndalipeza lili ndi bowo