Timipira ta maatomu tigule, kapena n'kungotaya ndalama?

Mayi a ku Area 25: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Mtsikana wanga ali Fomu 3 ndipo wandikakamira kuti ndimugulire kabokosi ka timipira tapulasitiki tolumikiza ndi timitengo, akuti n'kophunzirira maatomu pa kemisitiri. Ndakaona m'shopu ina ku Old Town, koma mtengo wake ndingagulire mabuku awiri. N'kofunikadi?

Bambo a ku Kawale: Zidole zimenezo, mayi. Ife tinakhoza Physical Science osagwirapo kampira ngakhale kamodzi. Pa mayeso a MANEB mwana amajambula timadontho ndi timitanda papepala, salowa ndi bokosi. Gulani buku ndi mapepala a mayeso akale basi.

Aphunzitsi a ku Likuni: Bambo a ku Kawale sakunama, koma mayi ayambe afunsa kuti mwanayu chikumuvuta n'chiyani. Ngati ndi maayoni, kutanthauza maatomu amene ataya kapena kulandira maelekitironi, kabokosiko sikamuthandiza, mwina kamusokoneza kumene. Taonani mchere wa kukhitchini. Sodiyamu ali ndi maelekitironi 11, okhala 2, 8, 1. Kulorini ali ndi 17, okhala 2, 8, 7. Sodiyamu amataya imodzi yakunja ija n'kukhala Na+, kulorini amailandira n'kukhala Cl-, kenako amakokana poti wina ndi pozitivu wina negetivu. Pamenepa kamtengo kolumikiza kalowa pati? Ndaonapo ana atalumikiza kampira kamodzi ka sodiyamu ndi kamodzi ka kulorini n'kumati iyi ndi molekyulu ya mchere. Ayi ndithu. Mu kambulu ka mchere, Na+ aliyense wazunguliridwa ndi ma Cl- 6, ndipo Cl- aliyense ndi ma Na+ 6, mbali zonse mpaka kumapeto. N'chifukwa chake mchere umafuna kutentha kwa madigiri 801 kuti usungunuke pamoto.

Mayi a ku Area 25: Ndiye ndisagule eti, aphunzitsi?

Aphunzitsi a ku Likuni: Dikirani kaye, mayi. Pa covalent bonding, pomwe maatomu amabwerekana maelekitironi m'malo mopatsana, ndiye pamene timipirato timagwira ntchito. Papepala methane, wa kaboni mmodzi ndi mahaidirojeni anayi, timamujambula ngati mtanda wafulati, ana n'kumaganiza kuti ngodya zake ndi madigiri 90. Ukamumanga m'manja umaona kuti mahaidirojeni atatu atsamira pansi ngati miyendo ya kampando, wachinayi waloza kumwamba, ndipo ngodya iliyonse ndi 109.5. Madzinso sali mzere wowongoka, anapindika pa 104.5.

Wophunzira wa ku Bunda: Ine ndikuti gulani, mayi. Kwa ine ma isomer, mamolekyulu a maatomu ofanana koma olumikizana mosiyana, anali chimutu mpaka nditagwira timipirato m'labu. Butane ndi C4H10, koma makaboni anayi omwewo ungawandandalike mumzere, kapena atatu mumzere wachinayi n'kumera pakati ngati nthambi. Papepala ndinkapinda mzere n'kumati ndapeza isomer yatsopano, osadziwa kuti ndi yomweyo yangotembenuka. M'manja umangoipotokola n'kuona wekha. Komanso kampira kakuda ka kaboni kali ndi mabowo anayi, kofiira ka okosijeni awiri, koyera ka haidirojeni limodzi, ndiye sungapatse kaboni manja asanu ngakhale utafuna.

Bambo a ku Kawale: Iwe wanena wekha kuti unatigwira m'labu ya sukulu. Unagula?

Wophunzira wa ku Bunda: Sindinagule bambo, kkkk.

Agogo a ku Biwi: Ana inu, dongo linatha ku Lilongwe kuno? Ndinaphunzitsa sayansi mpaka kupuma ntchito, ndipo tinkaumba timipira ta dongo, kutiboola ndi kamtengo ka machesi tisanaume, n'kutiyanika pamthunzi kuti tisang'ambike. Ta kaboni tinkatipaka makala, ta haidirojeni laimu. Nawonso Hofmann, katswiri wa kemisitiri amene anaonetsa zoterezi ku London mu 1865, anangotenga mipira ya masewera a croquet.

Aphunzitsi a ku Likuni: Agogo, dongo ndimalilemekeza, koma vuto lake ndi ngodya. Mwana akaboola yekha amaika mabowo anayi mozungulira pamimba pa kampira, n'kubwerera ku mtanda wafulati uja. Pafunika wamkulu womuonetsa koyamba. Ndiponso double bond ya ethene, pomwe makaboni awiri amalumikizana kawiri, imafuna timitengo topindika, machesi amathyoka. Waya wofewa amachitako bwino.

Nesi wa ku Area 18: Ine ndinagulira wanga chaka chatha. Sabata yoyamba anamanga ethanol ndi propane, kenako mng'ono wake anamwaza toyera tonse, tina tinakapezeka m'ngalande. Ngati pakhomo pali kamwana kokwawa samalani, ta haidirojeni n'tating'ono zedi, kakhoza kumeza.

Bambo a ku Kawale: Mwamva? Ndalama m'ngalande.

Aphunzitsi a ku Likuni: Za maayoni, mayi, yesani izi kunyumba. Mabatire anayi a tochi, kababu ka LED, mawaya, ndi makapu awiri, ina ya madzi a mchere ina ya madzi a shuga. Mukaviika nsonga za waya m'madzi a mchere kababu kamayaka chifukwa maayoni amasuka ndipo akuyenda. Mu shuga sikayaka, kapena kamangoti phethi, poti shuga amasungunuka ali mamolekyulu athunthu. Mchere wouma nawonso suyatsa, maayoni ake ali omangika. Funso limeneli ana ambiri limawagwetsa.

Mayi a ku Area 25: Ndamufunsa tsopano, akuti za mchere akuzimva, chikumuzunguza mutu ndi organic, kemisitiri ya mamolekyulu a kaboni. Pamzere pathu pali ana atatu a Fomu 3, ndilankhula ndi makolo awo tisonkhe tigule kamodzi. Aphunzitsi, ndikayang'ane chiyani ndisanalipire?

Aphunzitsi a ku Likuni: Auzeni atsegule bokosi muwerenge. Takuda tisachepere 6, toyera 14, kuti hexane atheke, ndipo muone ngati timitengo topindika tilimo. Ngati mulibe, kasiyeni.