Kulumikiza maseva a k3s a ku Chipata ndi ku Katete kudzera mu WireGuard

Wakapata: Akuluakulu, tili ndi maseva atatu oyendetsa k3s, pulogalamu yoyang'anira makontena (timabokosi toyendetseramo mapulogalamu): awiri ali muno mu Chipata, pomwe yachitatu ili ku Katete ndipo imadalira intaneti ya pafoni. Cholinga changa n'chakuti uthenga wonse woyenda pakati pa makontena uzibisidwa ndi WireGuard, pulogalamu yolumikiza makompyuta mobisa uthenga, koma seva ya ku Katete ikulephera kulumikizana ndi zinazo. Kodi ndalakwitsa pati?

MwanaWaPetauke: Bambo, yambani mwaona ngati munasankha `--flannel-backend=wireguard-native`, lamulo louza k3s kuti igwiritse ntchito WireGuard, kenaka mutsegule khomo la UDP 51820, lomwe uthenga wa WireGuard umadutsirapo, pa seva iliyonse. WireGuard inalowa mu kernel (phata) ya Linux 5.6 m'chaka cha 2020, choncho ngati makina anu si akale kwambiri, simufunika kuika zambiri.

AgogoAMaseva: Zimenezo n'zoona, koma ine ndikukayikira netiweki ya pafoniyo. Makampani ambiri a mafoni amagawira makasitomala ochuluka adiresi imodzi ya IP, moti uthenga wochokera kunja sungafike pa seva ya ku Katete pokhapokha iyoyo itayamba kutumiza. Choncho mwa maseva a mu Chipata, pakhale ina yokhala ndi adiresi yoonekera pa intaneti, ndipo ya ku Katete izitumiza keepalive (kauthenga kosonyeza kuti ikadalipo) pa masekondi 25 aliwonse kuti njira isatsekeke. Musaiwalenso MTU, malire a kukula kwa chidutswa cha uthenga chodutsa pa netiweki, chifukwa WireGuard imawonjezera mabayiti 60 pa chidutswa chilichonse pa IPv4, moti chimatha kupyola malirewo. Ineyo ndinataya masiku awiri ndikudabwa kuti ping (kauthenga kakang'ono koyesera njira) ikudutsa pomwe mafayilo akuluakulu akuima panjira.

Wakapata: Zikomo kwambiri, agogo. Ndaona kuti seva ya ku Katete ilibedi adiresi yakeyake, ndiye mawa ndiyamba ndi pamenepo.