Ndithandizeni masamu a mtengo wa magetsi

Abale anga, ndithandizeni. Mwana wanga wa Fomu 3 wabwera ndi funso lomwe latisowetsa tulo usiku wathawu. Akuti mayunitsi 50 oyamba ndi K70 iliyonse, opitirira pamenepo ndi K110 iliyonse, ndiye alembe piecewise function ya ndalama zolipira.

Iye walemba 70x mpaka pa 50, kenako 110x. Koma titayesa ndi pensulo kuseri kwa kope, mayunitsi 50 akukwana K3,500, pomwe 51 akufika K5,610. Yuniti imodzi yokha K2,110? Ine sizikundimvekera.

Ndikuganiza kuti gawo lachiwirilo likhale 3,500 + 110(x − 50), kuti 51 ipereke K3,610. Kodi ndalondola? Nanga pa galafu, mizere iwiriyi iyenera kukumana pa 50 penipeni? Akufunika kukapereka Lolemba.