Ndithandizeni kupeza mmisiri wodalirika wa denga

Moni nonse abale ndi alongo. Denga la nyumba yathu ku Area 25, Lilongwe, likudontha, ndipo matabwa ena adyedwa ndi chiswe. Nyumbayi ndi ya zipinda zitatu zogona. Tikufuna kusasula malata onse n'kukhoma a mtundu wa IBR (a mizere yangodya), okhuthala geji 28, mvula isanayambe mu Novembala.

Chaka chatha mmisiri wina anangomata phula m'mabowo, koma mvula yoyamba yomwe madzi analowanso. Pano ndafunsa amisiri awiri. Wina akufuna ndalama zonse asanayambe ntchito, winayo akukana kundionetsa nyumba imene anafolerapo, zomwe zandidetsa nkhawa kwambiri.

Inu munamudziwa bwanji mmisiri wodalirika? Kodi ndigule ndekha malata ndi matabwa, iye ndingomulipira ntchito yokha? Nanga poyambira mumapereka zingati, ndipo mumalemberana pangano?