Thandizeni abale, Rawls ndi Nozick andiimitsa mutu

Abale amene munaphunzirako za ndale ku koleji ndithandizeni, ndili ndi asayimenti ya za chilungamo pa kagawidwe ka chuma. Katswiri wa filosofi John Rawls mu 1971 ankati tiyerekeze kuti tikupanga malamulo a dziko tisakudziwa kuti tidzabadwira kwa olemera kapena kwa osauka, ndiye akuti munthu wotero angavomere kusiyana kwa chuma pokhapokha ngati kukupindulira amene ali pansi penipeni. Mpaka apo ndikumva. Koma katswiri mnzake Robert Nozick anabwera mu 1974 nkumati ayi, ngati munthu wapeza chuma chake osaba, kumudula msonkho kuti ugawire ena kuli ngati kumugwiritsa thangata, ndipo kunena zoona penapake akundigwira mtima ngakhale sindikufuna.

Tsono ndimafuna ndipereke chitsanzo cha kota ija yosankhira ana ku yunivesite potengera boma lochokera. Kodi Rawls akanaivomera? Chifukwa ine ndikuona ngati iye amakamba za munthu wosauka osati boma lochokera, mwana wa bwana wokulira ku Area 10 ankathanso kulowera pa dzina la boma la kumudzi kwa bambo ake. Kapena nditenge chitsanzo cha feteleza wa sabuside basi? Aphunzitsi akufuna Lachisanu, chonde.